Thobwa la agogo linandiphulikira pa Nathenje

Agogo anga, mayi a amayi anga, amakhala kumudzi ku Dedza, ndipo dzina langa satchula. Amati "amuna anga". Kwathu ndi mmene zilili, gogo wamkazi amasereula mdzukulu wamwamuna ngati mwamuna wake, ndipo mwamuna wotere ntchito yake ndi kunyozedwa. Ndikangofika amafunsa chitenje chomwe sindinawagulire, kenaka amati ndaonda chifukwa mkazi mnzawo wa ku Lilongwe sadziwa kuphika. Mkaziyo kulibe, sindinakwatire.

Unali mwezi wa Okutobala, kukutentha koopsa. Agogo anati sindingabwerere kutauni chimanjamanja, andiphikira thobwa, koma mthiko ndigwira ndine chifukwa nyamakazi yawagwira mkono.

Thobwa limayambira pa chimera, ndipo cha agogo ndi cha mawere. Amawanyika m'madzi usiku umodzi, n'kuwayala pathumba m'nyumba mosafika dzuwa, n'kuvundikira ndi masamba a nthochi. M'mawa ndi madzulo amawaza timadzi. Pakatha masiku atatu kapena anayi timizu toyera timakhala tatuluka, ndipo apo amayanika padzuwa mpaka gwaa, n'kusinja. Ukachedwa kuyanika chimachita chuku, ndipo fungo lakelo ngakhale uthire shuga wochuluka bwanji silibisika.

Muyezo wawo ndi uwu: ndowa ya malita 20 ya madzi, mbale zinayi za mgaiwa, mbale imodzi ya chimera. Mgaiwawo umayamba wausungunula m'madzi ozizira pang'ono, apo bii phala lichita mibulu. Ukathira m'madzi otentha aja umatakasa osaleka mpaka libwate bwinobwino, ndiye n'kuphula.

Apa ndi pamene ambiri amaonongera. Chimera sathira phala lili moto. Agogo amaviika chala n'kuwerenga mpaka khumi, ndipo chala chikapirira ndiye kuti nthawi yakwana. Ukafulumira chimera chimapsa, mphamvu yake yosandutsa ufa kukhala zotsekemera imafa, ndipo mawa udzapeza phala lomwe lija likukuyang'ana. Ukachedwa likazizirira, chimera chimagwira ntchito mwaulesi ndipo thobwa limasasa lisanatsekemere. Koma ukathira pa nthawi yake umamva m'manja. Mthiko umene unali kulemera umayamba kupepuka, phala lolimba lija likusungunuka ukuona. Ine ndinakuwa kuti zatheka. Agogo anati, "Zatheka chiyani? Vundikirani ligone."

M'mawa mwake limayenera kubwerera pamoto. Usiku wonse tizilombo tosaoneka ndi maso timakhala tayamba kale kudya kutsekemera kuja, ndipo tikamadya timatulutsa mpweya ndi mowa. Kuwiritsa kachiwiri kumapha tizilomboti, thobwa n'kukhala lotsekemera nthawi yotalikirapo.

M'bandakucha kunabwera uthenga wa maliro kumudzi wina. Agogo akumanga chitenje anandisiyira malamulo.

"Amuna anga, muliwiritse mpaka libwate. Lizizire. Lanu muthire m'chigubu, mulekeze m'mapewa, ndipo chitsekero musamange kwambiri. Lotsala musiye, ndi la anthu oumba njerwa za kutchalitchi."

Atachoka ndinalawa. Linali lotsekemera kale, lokoma zedi. Nkhuni zinali zosawaza, nkhwangwa yobuntha. Ndinasonkha timitengo pang'ono, thobwa linangofunda, ine n'kuti basi lawira. Kufunditsa kotereku n'koipa kuposa kungolisiya, chifukwa tizilombo tija timakonda kotentherako. Kenaka ndinatenga chigubu cha malita 5, chija cha mafuta ophikira, ndinathiramo theka la paketi ya shuga kuti anzanga akutauni asanyoze, n'kudzaza mpaka kukamwa. Pansi pa chitsekero ndinaikapo kajumbo, n'kumanga ndi mphamvu zanga zonse kuti lisatayike m'njira.

Ndinagona pa Dedza boma kwa msuweni wanga, chigubu chili m'chipinda cha malata. Mawa lake masana ndinakwera minibasi, mpando wa kumbuyo kwa dalaivala, pamene pansi pamatentha ndi injini. Chigubu ndinachipana ndi miyendo pomwepo.

Pofika pa Linthipe makona ake anali atatha, chafufuma ngati mimba ya mbuzi yodya nsinjiro zambiri. Sichimaimanso chokha, chimangogubuduka. Titayandikira pa Nathenje, mayi amene ndinakhala nawo pafupi, atavala bulauzi yoyera mbee, anandigwira paphewa.

"Achimwene, katundu wanuyo akulira."

Zoona, pachitsekero pamamveka kamluzu.

Chigubu chotere chili ndi katsegulidwe kake. Umachitulutsa panja, n'kuchiika pamthunzi kapena m'madzi ozizira kuti chikhazikike. Ukatero umapotoza chitsekero pang'ono chabe, mpweya uchite psii, n'kutsekanso thovu lisanakwere, n'kubwereza mpaka chiphwe. Zimenezi ndikuzidziwa lero. Tsikulo ndinapotoza kamodzi, kwathunthu, galimoto ikudumpha mabampu.

Chitsekero chinamenya denga. Thobwa linatuluka choimirira, linakagunda pamwamba n'kubwerera ngati mvula pa mizere itatu. Dalaivala anaponda mabuleki akuganiza kuti tayala laphulika, chigubu n'kugwa chammbali, n'kumalizira ntchito kumapazi. Bambo wina wovala suti, amene njira yonse anafungatira envulopu ya khaki, anali ndi madeya m'nsidze. Bulauzi yoyera ija sindinayerekeze kuiyang'ana. Kondakitala anakweza ndalama zake m'mwamba zikudontha.

M'galimoto munangoti zii. Kenaka onse anayamba kulankhula nthawi imodzi, ndipo za makolo anga zinatchulidwa.

Pampando wakumbuyo panali gogo wina, duku lake litanyowa. Iye sanakalipe. Anapukuta patsaya ndi chala, n'kulawa, n'kutsinzina.

"Chimera chabwino ichi, cha mawere. Koma silinawire kachiwiri, ndipo wina wathira shuga. Waphika ndani?"

"Agogo anga," ndinatero ndi timawu tapansi.

"Bodza. Munthu wodziwa kukonza chimera chotere sangaiwale moto wachiwiri. Usamanamizire agogo ako pagulu, wamva?"

Anthu anaphulika kuseka, ngakhale bambo a suti aja. Mkwiyo unatsika, koma mlandu sunathe. Kondakitala anati yotsukira galimoto ndilipira ndine, ndipo ndinalipira. Mayi a bulauzi ndinawagulira sopo pa Nathenje pomwepo. Kuchoka apo mpaka mu Lilongwe tinayenda mawindo onse ali otsegula, ntchentche zikutiperekeza, nsapato zikumata pansi. M'chigubu munatsala thobwa losakwana kapu.

Ndinaganiza zobisa nkhaniyi. Ndinaiwala kuti malita ena aja anatsala kumudzi, ndipo agogo anagona kumaliro, akukhulupirira kuti mwamuna wawo wawiritsa. Atabwera sanalawe n'komwe, anangotuma ana kuti akapereke kwa oumba njerwa.

Kumapeto kwa sabata foni inalira, nambala ya mnansi wawo.

"Amuna anga, mwafika bwino?"

"Ndafika bwino, agogo."

"Thobwa lija munawiritsa?"

"Linafunda ndithu."

"Eya. Anthu a njerwa anayamba ndi nyimbo za kwaya, pofika madzulo anali pa za gule. Njerwa zatuluka zokhota, wina anagona m'dzenje la dothi. Akulu a mpingo abwera kawiri kudzandifunsa kuti ndinayamba liti kufulula. Ndawauza kuti mwini mowa akubwera pa Khirisimasi, adzayankha yekha. Ndipo chigubu changa mubwere nacho, ndi chitsekero chake."