Basi inasanduka nyumba, koma injini ikukana kudzuka m'mawa

Kuno ku Alberta, m'dziko la Canada, Novembala akangolowa, ntchito pagalaja pathu imasanduka ya mabatire ndi mahita. Lolemba tinalandira basi ya International yomwe kale inkanyamula ana asukulu, injini yake DT466 ya malita 7.6. Mipando inachotsedwa, m'kati muli bedi, khitchini ndi bafa. Eni ake ndi bambo ndi mayi opuma pantchito omwe amakonda kukagona kumapiri cha ku Jasper ngakhale chipale chofewa chitagwa. Dandaulo lawo linali limodzi: m'mawa injini siilira.

Palibe chodabwitsa apa. Injini ya dizilo ilibe ma spark plug, mafuta amayaka ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa mu silinda. Kukazizira kufika madigiri 30 pansi pa ziro, chitsulo chimamwa kutentha konseko, oilo amalimba ngati phala logona, batire nayo mphamvu zimaithera. Galimoto zambiri kuno zili ndi block heater, chotenthetsera injini ikaima, yolumikiza ku magetsi a 120 V, koma kutchire soketi uipeza kuti? Ndiye tinagwirizana zoika hita ya dizilo, Espar Hydronic ya 5 kW. Imayatsa kamoto kake, n'kutenthetsa coolant (madzi oziziritsira injini), kapampu n'kumazunguza madziwo mu injini isanalizidwe. Pa ola imamwa mafuta opitirira pang'ono theka la lita.

Kumangirira hitayo ndi ntchito ya m'mawa umodzi. Chomwe chimadya sabata ndi njira ya madzi.

Lachiwiri lonse ndinali chagada pansi pa basi, tochi kukamwa, kutsatira mapaipi. Mabasi asukulu amakhala ndi mapaipi awiri aatali ochoka ku injini kupita ku hita ya kumbuyo. Amene anasandutsa basiyi nyumba anachotsa hitayo n'kungolumikiza mapaipiwo ndi kachidutswa kopinda, labala itayamba kale kung'aluka. Bambo aja ankafuna tilumikize zonse pamzere womwewo: injini, hita yatsopano, thanki ya madzi osamba ndi zotenthetsera m'nyumba. N'zotchipa, ndipo ambiri amatero.

Ine ndinakana. Ndinati, "Bambo, paipi imodzi ikaphulika pansi pa bedi lanu muli pamsewu, madzi onse a injini athera m'nyumba. Mudzazindikira geji itakwera kale." Anakanda kumutu poganiza za ndalama, koma mayi ndi amene anadula mlandu atamva kuti coolant wa injini ndi ethylene glycol, wotsekemera koma wakupha. Ali ndi galu amene amanyambita chilichonse. Tinaika heat exchanger ya timapuleti pakati pa madzi a injini ndi a m'nyumba: kutentha kumawoloka, madzi sasakanikirana, ndipo mbali ya nyumba inalandira propylene glycol, yemwe si woopsa ngati winayo. Mapaipi akale aja tinachotsa, n'kuika mavalavu awiri pafupi ndi injini kuti zikavuta panjira angotseka n'kupitiriza ulendo.

Poboola ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa. Madzi ozizira uyenera kuwatenga m'munsi mwa buloko ya injini, otentha n'kuwabwezera m'mwamba, mbali yotalikirana, kuti adutse m'chitsulo chonse. Ukatenga ndi kubwezera pamabowo oyandikana, madzi amangozungulira pakona imodzi. Hita imaona ngati ntchito yatha n'kudzichepetsa moto, pomwe masilinda akutali adakali ozizira. Ukawalola kulowera ku rediyeta, ukuwotcha dizilo kutenthetsa mphepo ya panja. Hitayo nayo iyenera kukhala pansi kuposa mlingo wa madzi, chifukwa kapampu kake sikadzikokera madzi, kamafuna adzitsikira okha.

Lachitatu zinali za mafuta ndi ekizozi. Kapaipi kolowa mu thanki tinakadula kuti kasafike pansi penipeni, kuopa kuti hita ingamwe dizilo yense anthu n'kusowa wobwerera. Kapampu ka mafuta, kaja kamalira kuti ti, ti, ti, tinakapendeketsa kukamwa m'mwamba kuti thovu lisakhazikike. Ekizozi tinaitulutsira kumbali, yoloza pansi, kutali ndi zenera la kuchipinda. Ndinaumiriranso alamu ya carbon monoxide. Pa zimenezo sindinyengerera munthu, chifukwa mpweya wakupha umenewu sununkha.

Kenako mpweya wotsekeka m'mapaipi. Tinathira coolant wosakaniza ndi madzi theka ndi theka, yemwe saundana mpaka cha m'ma madigiri 37 pansi pa ziro, n'kuyatsa. Hita inalira bwinobwino, patapita mphindi zochepa zii. Mnyamata amene akuphunzira ntchito anathamangira kompyuta, akuti tinagula chinthu chakufa. Ndinamuuza agwire mapaipi kaye. Yotuluka inali yowotcha pafupi ndi hita, koma ukasuntha dzanja pang'ono, yozizira. Madzi sakuyenda. Paipi inakwera pamwamba pa chasisi n'kutsikanso, ndipo pachitunda pamenepo panakhala mpweya. Hita inatenthetsa timadzi tili m'mimba mwake n'kudzizimitsa kuti isapse, monga inapangidwira. Tinadula pamenepo, n'kuika kavalavu kotulutsira mpweya, tinakweza kutsogolo kwa basi, injini ikulira, mpaka kavalavu kanasiya kulavula thovu. Zomangira mapaipi tinaika za sipuling'i, popeza labala imanyala kukazizira ndipo zomanga ndi sikuluu zimayamba kudontha mu Januwale.

Usiku wa Lachinayi basi inagona panja. Lachisanu ndinafika kudakali mdima, ndinayatsa hita, n'kukamwa khofi. Nditabwerako ndinayenda ndi choyezera kutentha kuchokera silinda yoyamba mpaka yachisanu ndi chimodzi, ndipo kusiyana kunali kochepa. Bambo aja anapotokola kiyi okha, injini inalira nthawi yomweyo popanda utsi woyera uja wa injini yozizira. Ndinawalembera papepala kuti aziyatsa hitayo kamodzi pamwezi ngakhale m'chilimwe, komanso kuti asapite kumapiri ndi dizilo wogula mu Ogasiti, chifukwa ameneyo akaundana mu fyuluta, hita ndi injini zonse zikhala chete. Mabatire awo ndi okalamba, koma akuti tikambirane mwezi wamawa.