Nambala yosafufutika pachitsulo

Lolemba ndinalandira mashafiti (ndodo zachitsulo zozungulira m'makina) 300 oti ndiwadinde asanapite kung'anjo yowalimbitsira. Timayamba ndi kudinda chifukwa chitsulo chikalimba kupitirira cha m'ma 60 HRC (muyeso wa kulimba kwa chitsulo), nsonga imangodumpha pamwamba osalowa. Makina athu ndi a dot peen: kansonga kolimba kwambiri ka tungsten carbide kamagogoda mothamanga ndi mphamvu ya mpweya wa kompresa, n'kusiya timaenje totsatizana tomwe timapanga manambala ndi kachizindikiro ka Data Matrix, kabokosi ka timadontho komwe kamawerengedwa ndi sikana. Stika imamatuka, inki imachoka ndi mafuta, koma kadzenje sikasuntha.

Lachiwiri masana sikana inayamba kukana. Poyang'ana ndi maso zonse zinali bwinobwino. Nditatenga galasi lokulitsa ndinaona kuti timaenje ta m'mbali ziwiri za kachizindikiroko zooneka ngati L tinali tosazama, tina tophwanyika milomo. Nsonga inali itabuntha. Ndinaika ina, ndi kupendeketsa nyali kuti kuwala kuzichokera chapambali, popeza chimene sikana imawerenga pachitsulo ndi mthunzi wa m'kadzenjemo. Mashafiti omwe anali atadindika molakwika ndinawaika padera.

Tsiku limene ndikulikumbukira kwambiri ndi Lachinayi. Kasitomala wina anaimba foni kuti shafiti yang'aluka makina ali mkati mogwira ntchito. Ndinangomupempha kuti apukute girizi pamutu pa shafitiyo andiwerengere nambala. Nambalayo inanditengera ku heat number, imene imasonyeza ulendo umene chitsulocho chinasungunulidwa, kenako kusatifiketi ya 3.1 ya EN 10204, chikalata cha zotsatira za kuyeza chitsulocho chochokera kwa opanga zitsulo. Tisanaweruke tinali titadziwa mashafiti ena ochokera mumphika wosungunulira womwewo komanso kumene anapita. Tinaitanitsa okhawo kuti akayezedwe. Pakanapanda timaenje timeneto tikanabweza katundu wa chaka chonse, kapena kungosiya anthu akugwiritsa ntchito chinthu choti chingawapweteke.

N'chifukwa chake Lachisanu mtima unandiwawa nditapeza mnyamata wathu watsopano atadula ndodo yachitsulo zidutswa 8 asanasamutse heat number. Nambala inatsala pachidutswa chimodzi chokha, zina 7 zitasakanikirana kale ndi zinzake pashelefu. Sindinamukalipire. Ndinamuonetsa chithunzi cha shafiti yong'aluka ija, tinaika zidutswazo m'bokosi la zokanidwa, ndipo pandodo yotsatira anadinda yekha malo onse asanayatse sowo.