Mowa sufufuta zammutu, zimakhala kuti sizinasungidwe nkomwe

Abale lero mtima wakhala pansi, topiki ya mowa ndi ubongo ija ya kukosi yathu ya zaumoyo yalowa tsopano. Za ma neuroni (maselo a ubongo) ndi ma sinapsi (polumikizirana pake) sindibwerezanso, tonse tinadutsamo chaka chatha, ndingopita pomwe panandikola.

Ambirife timati munthu akamwa usiku nkudzuka osakumbuka kalikonse ndiye kuti mowa wafufuta zomwe zinali mmutu. Ayi ndithu, zinthuzo sizinalowe mosungiramo nkomwe. Mowa umaonjezera mphamvu ya GABA, kemikolo ija yoziziritsa ubongo, nthawi yomweyo umatsekereza ma receptor a NMDA, malo a pa neuroni omwe glutamate, kemikolo yodzutsa ubongo, amagwirapo, nde hippocampus, mbali ya ubongo yomwe imatenga zochitika panopa nkuzisunga kuti mawa uzikumbuke imadalira NMDA yemweyo kuti LTP (kulimba kwa kulumikizana kwa ma neuroni) ichitike, basi ntchito yosunga imaima pomwepo. Zili ngati foni yoti kamera ikuonetsa zonse bwinobwino koma memori kadi mulibe. Munthu akucheza, akulipira yekha, akupalasa njinga kuchoka pamsika wa Ulongué mpaka kwawo, mayina a ana ake akuwadziwa poti zimenezo zinasungidwa kalekale, koma umuuze kanthu pano, pakapita kanthawi kochepa akufunsanso chomwecho. Zimenezi zimakonda kuyamba mowa mmagazi ukafika cha mma 0.16%, ndipo chachikulu ndi liwiro lomwe wakwerera, nchifukwa chake kachasu kapena nipa womwera mmimba mopanda kanthu amachita zimenezi msanga kuposa masese omwa pang'onopang'ono utadya nsima.

Nditagwira pamenepa ya matenda oiwala otchedwa Korsakoff inangotseguka yokha. Kumeneko vuto ndi kusowa kwa thiamine, vitamini B1, chifukwa womwa zaka zambiri sadya mokwanira komanso mowa umalepheretsa matumbo kuyamwa vitaminiyo. Mapeto ake ndi omwe aja, zatsopano sizisungika, kungoti pano si usiku umodzi. Wodwalayo amatha kukuuza nkhani yoti sinachitike nkhope ili phee, osati akunama, ubongo ukungodzaza mipata.

Chomwe chandithandiza ndi kujambula. Ndinatenga pepala lalikulu, neuroni uku ina uku, bolopeni yofiira ya glutamate, yabuluu ya GABA, kenako nkumadzifotokozera mokweza mChichewa ngati ndikuuza agogo ku Domué. Pomwe lilime lakakamira ndi pomwe sunamvetse, ubwerere pomwepo. Ine ndikuti njira imeneyi ingagwire pa phunziro lililonse, kaya farmakolojiya kaya anatomiya, zoloweza zija tiyeni tizisiye.

Chondiwawa nchoti mkalasi zonsezi zinadutsa ngati mphepo. Aphunzitsi anangowerenga masilaidi mChipwitikizi mothamanga, masana kutentha kwa ku Tete kuno mukukudziwa, munthu ukakweza dzanja akuti nthawi yatha mukawerenge mma fotokope, fotokope zakenso zosaoneka bwino koma mametikali tinalipira. Zoti mbali yakutsogolo ya ubongo, yoganiza usanachite chinthu, imakhwima mpaka cha mma zaka 25 anangozitchula akutuluka, pomwe ambiri mkalasimo sitinafike zaka zimenezo ndipo Lachisanu lililonse anzathu ali kubaraka akumwa. Ngakhale zoti mowa umasokoneza tulo ta REM, tomwe timalotamo kwambiri, sanazikhudze, pamene ena amamwa kuti agone bwino mawa lake testi.

Pomwe ndaima osadziwa kolowera ndi apa. Tikadzapita ku estajiyo, kukaphunzira ntchito kuchipatala, mayi abwere ndi nkhope yotupa, bambo akulumbira kuti sakukumbuka kuti anamenya munthu, ine ndikudziwa tsopano kuti mwina akunena zoona. Koma ndikawafotokozera za hippocampus sadzatenga ngati pothawira? Nanga mayiyo adzamva bwanji ndikamayankhula choncho pamaso pake? Kaya, amene munapitako kale mundiuze mmene mumayankhulira nawo anthu otere, ine pamenepa sindinapapeze.