Mmene ndimaswetsera mazira a nkhuku mu inkyubeta

Ndimayamba ndi kusankha mazira, popeza makina sangakonze dzira loipa. Ndimatenga a nkhuku zoyenda ndi tambala, tambala mmodzi pa misoti 8 mpaka 10, ndipo asakhale atagona masiku oposa 7 chiikiridwe. Osweka pang'ono, aakulu kwambiri, ozungulira ngati mpira ndi a chigoba chopyapyala ndimawasiya. Sindiwatsuka. Pa chigoba pamakhala kachikuto kosaoneka kotchinga majeremusi, ndipo madzi amakachotsa. Podikira, ndimawasunga pozizirira, madigiri 12 mpaka 16, kosongoka kutaloza pansi.

Inkyubeta, makina ofungatira mazirawo, ndimaiyatsa maola 24 mazira asanalowe, pamalo opanda dzuwa ndi mphepo. Ya fani imafuna madigiri 37.5. Yopanda fani imafuna pafupifupi 38.5, poyeza pamwamba penipeni pa dzira, chifukwa mpweya wotentha umakhala kumwamba. Nambala ya pagalasi la makina ndimaitsimikizira ndi themometa ina. Kutentha kukapitirira ndi digiri imodzi yokha masiku onsewo, anapiye amaswa msanga, mchombo usanatsekeke. Kukachepa, amachedwa ndipo amatuluka ofooka.

Dzira lililonse ndimalilemba X mbali imodzi ndi O mbali inayo, ndi pensulo. Ngati makina satembenuza okha, ndimatembenuza katatu kapena kasanu patsiku, osati kanayi, kuti dzira lisagonere mbali imodzimodzi usiku uliwonse. Dzira losatembenuzidwa, kamwanapiye kamamatirira ku chigoba n'kufa.

Pamene ambiri amaluzira anapiye ndi pa chinyontho cha mpweya wa m'makina. Kuyambira tsiku loyamba mpaka la 18 ndimachisunga pa 50 mpaka 55 peresenti. Chimene chimakweza chinyontho ndi kutambalala kwa madzi m'thireyi, osati kuya kwake, choncho chikachepa ndimadzaza madzi m'chigawo chachiwiri cha thireyiyo kapena kuika siponji yonyowa. Koma choyezera chinyontho chimanama kawirikawiri, n'chifukwa chake ndimakhulupirira dzira lenilenilo. Kumbali yake yaikulu kuli kampata ka mpweya kamene kamakula madzi akamauma m'kati. Pofika tsiku la 18 dzira liyenera kupepuka ndi pafupifupi 12 peresenti, ndipo kampatako kamakhala katatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a dzira. Kakakhala kakang'ono, chinyontho chachuluka, ndipo mwanapiye akaboola amakumana ndi madzi m'malo mwa mpweya. Kakakula mopitirira, chinyontho chachepa, mwanapiye amakhala wamng'ono ndi wouma.

Kampatako ndimakaona pounika ndi tochi mumdima, pa tsiku la 7, la 14 ndi la 18. Pa la 7, dzira lamoyo limaonetsa kadontho kakuda ndi timitsempha tofiira totambalala. Loyera mbee ndiye kuti tambala sanagwirepo ntchito. La mzere wofiira wozungulira, kamwanapiye kanafera m'njira. Onsewa ndimawachotsa, chifukwa dzira losukusa limatha kuphulika n'kuipitsa anzake.

Tsiku la 18 ndimasiya kutembenuza. Ndimachotsa chotembenuzira, kuyala kansalu kokhakhala pansi kuti anapiye asaterereke n'kutagadza miyendo, kukweza chinyontho kufika 65 mpaka 70 peresenti, kutsegula timabowo ta mpweya, kenako kutseka chivindikiro. Apa m'pofunika kudzigwira. Pa tsiku la 20 kapena 21 mumamva kulira m'kati, kenako kabowo kamaoneka pa chigoba. Kuchoka pamenepo mwanapiye amatha kukhala maola 12 mpaka 24 asanatuluke, akupuma ndi kumalizitsa kuyamwa chachikasu cha m'dzira kudzera pamchombo. Mukatsegula kuti muone, chinyontho chimathawa, nembanemba ya m'kati imauma n'kumukulunga. Mukamusendera chigoba nthawi isanakwane, mumadula mitsempha ndipo amataya magazi.

Magetsi akazima ndimafunditsa makina bulangete, osatsegula. Maola ochepa mazira amapirira, kungoti kuswa kumachedwerapo.

Anapiye ndimawasiya momwemo mpaka nthenga zitauma, sathamangira chakudya tsiku loyamba. Kenako ndimawasamutsira m'bokosi lofunda madigiri 32 mpaka 35, momwe muli madzi m'kambale kosaya. Mazira otsala ndimawadikira mpaka tsiku la 23, n'kuwaswa kuti ndione pamene anapiye anafera: akafa ambiri atakula kale osaboola, ulendo wotsatira ndimayamba ndi kuunika chinyontho ndi timabowo ta mpweya.