Ndinakaona mapepala a George ndi Ira Gershwin ku Washington

Tinatsika sitima ya pansi pa nthaka pa Capitol South m'mawa kukuzizira. Mlongo wanga ankafuna tikajambulitse ku White House, koma ine mtima unali ku Library of Congress, laibulale yaikulu ya dziko la America, m'kachipinda ka m'nyumba yotchedwa Thomas Jefferson momwe anaikamo katundu wa abale awiri a bere limodzi, George ndi Ira Gershwin, opeka nyimbo otchuka a ku America.

George ndiye ankapeka chuni, mkulu wake Ira n'kumalemba mawu. Kawirikawiri chuni ndiyo inkayamba, Ira pambuyo n'kumasakasaka mawu okwanira bwino pa noti iliyonse. M'chipindamo munali piyano ya George, desiki yake, ndi taipilaita ya Ira. Koma pamene ndinaima nthawi yaitali ndi pa mapepala a m'galasi. Manoti olembedwa ndi dzanja, mawu okhwatchidwa, ena olembedwa pamwamba pake. Ndinayandikira mpaka mpweya wanga unachita nthunzi pagalasipo. Nyimbo imene pa wailesi imamveka ngati inangobadwa yokha, apa umaona kuti munthu anaikhalira pansi, anatuluka nayo thukuta.

Mu 1932 sewero lawo la Of Thee I Sing linapata mphoto ya Pulitzer. Ira analandira, George anamusiya, poti opereka mphotoyo ankangoyang'ana mawu. Kwa ine kumeneko kunali kulakwa, chifukwa mawu aja anasokedwa poyezera chuni ya George.

George anamwalira mu 1937 ndi chotupa cha mu ubongo, ali ndi zaka 38 zokha. Ira anakhala mpaka 1983, ndipo zaka zambiri anazithera posanja mapepala a mng'ono wakeyo, kulembapo ndemanga, n'kumawatumiza ku laibulaleyi. Ena anadzapezeka mu 1982 m'mabokosi, m'nyumba yosungira katundu ya kampani ya Warner Brothers ku Secaucus, New Jersey, atangoiwalika.

Ndili chiimire pomwepo ndinakumbukira malemu bambo anga. Ankaphunzitsa kwaya, ndipo nyimbo zawo ankazilemba m'makope mu doh re mi, mawu ake akuwalembera mnzawo wina wa pampingo. Makope awiri chiswe chinadya kale, latsala limodzi m'sutikesi. Titangotuluka panja ndinaimbira foni mayi kumudzi, ndisanawerengere n'komwe kuti kwathu kwada.

“Amayi, kope lija la ababa mulichotse m'sutikesimo, muliike m'pulasitiki. Ndikabwera ndidzalijambula tsamba ndi tsamba.”