Usiku Umene Nyanja Inalowa Pabalaza

Nditaganiza zosiya kathanki kanga ka malita 100 n'kugula thanki yaikulu yosungiramo makorali (zamoyo za m'nyanja zooneka ngati miyala kapena timitengo) ndi nsomba za m'madzi a mchere kuno ku Durban, ndinakhala pansi ndi kope n'kuwerengera chilichonse. Thankiyo inali ya masentimita 120 m'litali, 60 m'lifupi ndi 60 msinkhu, kutanthauza malita 432. Popeza madzi a m'nyanja amakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa lita iliyonse, panafunika mchere wapadera wokwana makilogalamu 15, ndipo nditaphatikiza madzi, galasi ndi miyala, kulemera kwake kunapitirira theka la tani. Mayi a kunyumba atamva mtengo wa mcherewo anandifunsa ngati tikutsegula golosale.

Ndinagula hita yosunga madzi pa madigiri 25, nyali zamphamvu zimene makorali amafuna, ndi skimmer, chipangizo chomwe chimachotsa zonyansa m'madzi pogwiritsa ntchito thovu n'kuziunjika m'kapu. Zimene zimaunjikana m'kapumo n'zakuda bii, ndipo fungo lake silifotokozeka pagulu. Hita ndi skimmer zinakhala mu sump, kathanki ka m'kabati ya pansi komwe madzi amatsikira okha, kenako pampu n'kuwakwezanso m'mwamba kudzera m'paipi. Pofuna kuti phokoso lisasokoneze alendo, kamwa ya paipiyo ndinaimiza masentimita 15 pansi pa madzi, ndipo ndinadziyamikira kwambiri pa nzeru imeneyi.

Mlendo woyamba anali apongozi anga ochokera ku Nkhotakota, omwe anakana bedi n'kusankha kuyala mphasa pabalaza, pafupi ndi thanki, ati kumeneko ndiye kozizirira.

Magetsi anazima pakati pa usiku. Pampu ikaima, paipi yomizidwa chotero imayamba kukoka madzi chobwerera, monga mmene anthu amapopera petulo m'galimoto, ndipo siileka mpaka kamwa yake itapeza mpweya. M'thanki yangayo sentimita iliyonse inali malita 7.2, choncho malita 108 anauyamba ulendo wopita mu sump yomwe inali ndi malo a malita 30 okha. Otsalawo anatulukira pachitseko cha kabati n'kulunjika pamphasa.

Ndinadzidzimuka ndi mawu a apongozi akuitana mwana wawo modekha kwambiri, kudekha kumene kumaopsa kuposa kukuwa. Ndinathamanga mumdima, ndinatereraka, ndipo pofufuza chotungira madzi dzanja langa linagwira chinthu chooneka ngati jagi. Ndinachikoka mwamphamvu, osadziwa kuti ndi kapu ya skimmer ya mlungu wathunthu, ndipo zonse zinali m'menemo zinandithira kuyambira pachifuwa mpaka m'mawondo. Mayi a kunyumba atayatsa tochi ya foni anandipeza nditagwada pamaso pa mayi awo, ndili ndi kabudula wogonera yekha, ndikununkha, pamene mwambo umafuna kuti mkamwini asaonekere chisawawa kwa apongozi.

"Bambo, imani kaye pakhonde," anatero mayi a kunyumba atatseka mphuno ndi chitenje.

Kutacha, wogulitsa zipangizo anamvetsera nkhani yonse, n'kundiuza kuti kabowo kamodzi kakang'ono koboola papaipi, pansi pang'ono pa pamene madzi amalekezera, kakanalowetsa mpweya n'kuletsa zonsezi. Kabowoko sikanali m'kope langa chifukwa sikagulitsidwa.

Nditabwerera kunyumba ndinapeza apongozi akuyanika mphasa yawo, itayamba kale kuyera ndi mchere. Sanayang'ane kwa ine, koma analankhula ndi mwana wawo mokweza kuti ndimve: "Uwauze akamwini kuti ine ndakalambira m'mphepete mwa nyanja, koma sinanditsatepo pogona. Uwafunsenso ngati tinsomba tiwiri tofiira timeneti tidzakule n'kufika podyeka, poti mchere athira kale."