Munapita kunyanja iti?

Tulo sitikubwera ndiye ndangoti ndilembe. Lero madzulo ndinapita ku Highfield, mu Harare momwe muno, kukasiya nsomba zouma kwa azakhali, zija tinabwera nazo ku ulendo wathu wa ku Mozambique, ndipo mawu awo akundizungulirabe mmutu mpaka pano.

Ndinawapeza ali pa mkeka pakhonde akusankha nyemba. Titapatsana moni ndinati azakhali, tabwerako kunyanja, kamphatso kanu aka. Anasiya lichero pomwepo, nkhope yonse kuwala, amvekere "mwana wa achimwene, mwakafika kwathu?" Ine mtima unangoti phaa chifukwa ndinadziwa kuti tasemphana. Kwa iwo nyanja ndi imodzi basi, ya ku Nkhotakota komwe anabadwira. Ndinati ayi azakhali, ndi nyanja ya mchere, ku Beira ndi ku Inhassoro. Anangoti "oho", nkumasula pepala lija, kununkhiza nsomba imodzi, kuitembenuza kawiri, kenako nkuibwezera.

Ndiye ndinayamba kufotokoza zambirimbiri, kaya kuti ndidzaze chete uja kaya. Kuti tinanyamuka mbandakucha ndi akazi anga ndi ana, makilomita oposa 260 kukafika ku Mutare, kuwoloka pa boda ya Forbes kulowa Machipanda, kudutsa Chimoio mpaka Beira. Kuti ana anaima kakasi pa Macuti pomwe pali nsanja ya nyali yolondolera sitima, wamng'ono analawa madzi nkulavula. Kuti nyumba zina ukaziona ukudziwiratu kuti namondwe wa Idai wa mu 2019 anadutsa pano. Ndinawauzanso zoti madzi akumeneko amachoka okha kupita kutali, ngalawa nkutsala zitagona chammbali pamchenga, pakapita maola angapo nkubweranso. Pamenepo anapukusa mutu, akuti yathu siichita zimenezo, ikakwiya ndi mwera basi.

Chomwe ndimafuna kwambiri kuwauza chinali cha mayi wina wogulitsa nsomba pamudzi wina wa asodzi kunja kwa Beira. Ine Chipwitikizi sindichidziwa ndiye tinkangolozerana zala pa mtengo, mpaka ndinauza akazi anga m'Chichewa kuti apa akutidulitsira. Mayi uja anaseka nkundiyankha m'Chisena, ndipo ndinamva pafupifupi theka la zomwe ananena! Pomwe ife timati zinthu iwo amati pinthu. Nditalipira anati "takhuta", ine ndimaganiza kuti akunena za chakudya, koma ndi zikomo wawo ameneyo. Thupi linachita tsemwe. Zaka zonsezi mu Harare muno Chichewa timachiyankhula mnyumba, kumaliro ndi kutchalitchi, ukakwera kombi umatembenukira ku Chishona osaganizanso, ndiye kukamva mlendo mphepete mwa nyanja akukuyankha ngati mnansi, sindinayembekezere.

Azakhali anamvetsera zonsezo. Ndinafikanso pa za ku Inhassoro, komwe tinapita titabwerera pa mphambano ya Inchope nkutsika kummwera kuwoloka mtsinje wa Save. Mmawa wina tinapeza anthu ambiri, amuna ndi akazi omwe, ali pamzere akukoka khoka, chingwe chitalitali, aliyense akafika kumapeto amabwerera kutsogolo kukagwiranso, miyendo itazama mumchenga. Apa mpomwe anadzuka. Anati ndi momwenso ankakokera kwawo ali kamtsikana, ana ankathamangira kukagwira chingwe kuti apatsidweko ndiwo, ndipo anayamba kutchula, chambo, utaka, kampango, mcheni, usipa woyanika pa thandala. Amatchula pang'onopang'ono ngati akuwerenga ana awo.

Kenako anandifunsa kuti ku Beira kuja ndi kutali bwanji. Ndinati makilomita pafupifupi 550. Anati nanga ku Malawi, podzera pa Nyamapanda ndi Tete? Ndinayankha zoona, kuti kukafika ku Blantyre sikusiyana kwenikweni, kungoti Nkhotakota ili patsogolo ndithu. Sanandidzudzule ayi. Anangoti agogo ako anabwera kuno nthawi ya mthandizi, mbali ina wapansi, akuti akagwira zaka ziwiri abwerera, ndiye taona agona kuno. Ife ndife matchona, koma iwe uli ndi galimoto.

Mawu amenewo ndi amene andisowetsa tulo. Ulendo uja ndinaukonda zedi ndipo sindikunong'oneza bondo, ana anaona zinthu zomwe ine pa msinkhu wawo sindinazilotepo. Koma bwanji pokonza ulendo miyezi yonse ija, kusunga ndalama ya petulo, kukonzetsa matayala, sizinandibwerere nkomwe mmutu kuti pali gogo ku Highfield amene watha zaka zambirimbiri osaona nyanja yake? Mpando wakumbuyo ukanawakwana.

Pobwerera ndinaima kaye pa geti osalowa, injini ili chizimire. Pansi pa mpando mukadali mchenga wa ku Inhassoro, ana akana kuti tisausese. Ndawauza akazi anga ndipo akuti tione za Disembala, koma pasipoti ya azakhali inatha kalekale, komanso miyendo ija kaya ingapirire tsiku lonse mgalimoto ndi kutentha kwa ku Tete. Nsomba zija anati aphika mawa, ndipite ndikadye nawo.